Dzina la Agogo Ndilibisirenji?

Kwathu ku Mphamba, m'boma la Lundazi, mawu oti anthropology ndawamasulira kambirimbiri mpaka ndinakhazikika pa tanthauzo limodzi: maphunziro a mmene anthu amakhalira. Adada amangoseka. Amati ngati ndi choncho, amama anayenera kukhala pulofesa kalekale, poti palibe ukwati kapena mlandu wa m'mudzi umene sadziwa pamene unayambira.

Koma yunivesite siyang'ana zimenezo. Ukafuna digiri yachiwiri, ija amati Masters, amayamba ndi mapepala: digiri yoyamba yokhoza bwino osati yongodutsa, zotsatira za chaka chilichonse, satifiketi ya Giredi 12 yoonetsa kuti Chingerezi unachikwanitsa, makalata a aphunzitsi okuchitira umboni, ndi ndalama ya fomu yosabwezedwa. Amene akulota za Cape Town kapena Johannesburg adziwe kuti kumeneko amafuna digiri ya Honours kapena yofanana nayo, ndipo mapepala akunja amayamba apimidwa ndi bungwe la SAQA. Ukalowa, nthawi zambiri ndi zaka ziwiri. Choyamba mumakhala m'kalasi kuwerenga maganizo a akatswiri ndi njira zofufuzira. Chachiwiri umapita kwa anthu, n'kubwerako ndi buku lako loti ena alisanthule. Zonsezi ndi chiphaso cha pakhomo chabe.

Chimene chandisoweka tulo ndi pepala lina, lofotokoza chomwe ukufuna kufufuza. Langa ndi la vimbuza. Ndinakula ndikumva ng'oma zake usiku, ndipo agogo anga aakazi akhala akuimbira odwala kuyambira ndisanabadwe. Mu 2005 UNESCO inaika vimbuza pakati pa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, pamodzi ndi gule wamkulu. Steven Friedson analemba buku la 1996, Dancing Prophets, pa Atumbuka a kumpoto kwa Malawi, ndipo lamulo la maphunziro likuti ndiyambe ndaonetsa kuti ndinawerenga mabuku otere ndisananene zomwe ndinaona ndi maso anga. Sindikudandaula, bukulo ndi labwino. Kungoti umboni wa Chingerezi anaufuna, koma wa Chitumbuka, chomwe ntchito yonse idzachitikiremo, sanaufunse.

Zambia si mlendo pa maphunziro awa. Rhodes-Livingstone Institute inatsegulidwa ku Livingstone mu 1938, woyamba kuitsogolera ali Godfrey Wilson, kenako Max Gluckman. Kuno kum'mawa John Barnes anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni, Max Marwick pakati pa Achewa. Bungwelo lero ndi INESOR ya ku UNZA. Nanga ndani ankawamasulira, kuwerenga anthu m'midzi ndi kuwauza pamene mlendo sayenera kuponda? Anali achinyamata a kuno, ngati iwe ndi ine. Lyn Schumaker, m'buku lake la 2001, Africanizing Anthropology, anaonetsa kukula kwa ntchito yawo. Pachikuto mayina awo kawirikawiri sankafikapo.

Ndiye taona pamene pandivuta. Usanafunse munthu funso ngakhale limodzi, komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa iyenera kukuvomereza. Uyenera kufotokozera aliyense cholinga chako, iye avomere posayina kapena podinda chala, ndipo kawirikawiri umalonjeza kubisa dzina lake. Lamuloli ndimalilemekeza. M'dera limene mphekesera ya ufiti ingagwetse nyumba ya munthu, dzina lolembedwa m'buku si nkhani yamasewera. Ukumbuka mu 2018 mmene anthu anasekera digiri ya UNZA ya chikhalidwe cha makolo, n'kuitcha digiri ya ufiti? Ngati a m'tauni ophunzira anatero, wa pafupi nawe wakunyansidwa nawe angatani?

Agogo nditawafotokozera, za chala sanakane, anazolowera pa mndandanda wa feteleza. Za kudzera kwa anduna mpaka kwa Mfumu Mphamba anati ndi mwambo, ndipo anandiuza okha nkhuku yoyenera kunyamula. Pa dzina ndi pomwe anaimitsa mutu.

"Iwe mwana, ndaba chiyani kuti undibise?"

Ndinayesa kunena kuti ndi chitetezo chawo. Anandifunsa ngati langa lidzabisidwanso. Ndinati ayi, agogo, langa lidzakhala pachikuto. Anangoti "Ehe," n'kupitiriza kusenda nyemba.

Chotero m'pepala langa ndaonjezera ndime imodzi. Ndalemba kuti aliyense adzasankha yekha: wofuna kubisika ndidzamubisa iye ndi mudzi wake womwe, koma woimba amene akufuna kudziwika ndi luso lake adzalembedwa ndi dzina lake lenileni, atamva kaye m'Chitumbuka zonse zomwe ndalemba za iye. Mnzanga wa ku Mtendere amene anadutsamo kale akuti ndime yotere ingachedwetse chilolezo ndi miyezi, ndipo chaka chowonjezera ndi ndalama zowonjezera. Ndalama ya fomu yokha yachokera pa matumba a soya amene adada anagulitsa pa Boma. Ndimeyo ndaisiya momwemo, ili pa tsamba lachinayi.