Kusunga Mbuna Kuti Zisadwale

Ntchito yanga ndi yosunga nsomba zamoyo. Anthu ambiri kuno ku Nkhudzi nsomba amaidziwira pathandala kapena mumphika, koma zanga zimayenera kukhala zikusambira, mtundu wake uli waliwali, kufikira tsiku lomwe mwiniwake adzazitenge. Ndimasamala mbuna m'matanki a simenti ndi agalasi. Zina zimakongoletsa malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, zina zimapita kwa ogula omwe amazitumiza kunja. Malonda amenewa si achilendo: Stuart Grant anayamba kuwachita ku Senga Bay, ku Salima, m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero mbuna zathu zikupezeka m'nyumba za anthu ku Germany, ku America ndi ku Japan.

Matenda ambiri amayamba nsomba isanafike n'komwe m'thanki. Timagwira ndi chilolezo cha ku Fisheries, ndipo sitiyandikira madzi a Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mapiri a Nkhudzi ndi gawo lake. Nsomba yogwidwa pakuya siitulutsidwa mothamanga. Timaiika m'mgolo wobowola, n'kumaukweza pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma ikakwera msanga. Ukonde wokhakhala umachotsa mamba ndi kuterera kwa pakhungu, ndipo pamene pasupuka ndi pamene matenda amalowera.

Nsomba yatsopano, ngakhale ioneke yathanzi chotani, siilowa m'thanki ya zinzake. Imayamba yakhala payokha milungu itatu kapena inayi, m'thanki yopanda mchenga, yokhala ndi timapaipi tobisalamo basi. Thanki imeneyi ili ndi kaukonde kake, ndowa yake ndi paipi yake, ndipo zinthuzi siziyenda. Anyamata ophunzira ntchito amaona ngati n'kutaya nthawi, makamaka wogula akamafulumiza. Ine ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa uliwonse, ndisanaponye chakudya, ndimaima kaye n'kuyang'ana. Mbuna yathanzi ndi yaukali, imateteza mwala wake ndipo imathamangira munthu akayandikira. Yodwala imapinda zipsepse, imadzikhula pamiyala, imapuma mofulumira, kapena imangoti duu pakona mtundu utazilala. Ukaona zimenezi, usathamangire mankhwala. Yamba wafunsa madzi. Madzi a m'nyanja yathu ndi oyera, ofunda madigiri apakati pa 24 ndi 28, ndipo sasinthasintha. M'thanki muli madzi ochepa: ndowe ndi chakudya chotsala zimawaononga msanga, magetsi akazima pampu imaleka kupereka mpweya, ndipo m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, usiku umodzi wozizira umafooketsa nsomba zonse. N'chifukwa chake ndimasintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, ndimafunditsa matanki usiku, ndipo pampu imodzi ndinailumikiza ku batire ya sola.

Nthenda yomwe imabwera kawirikawiri ndi ya timadontho toyera, tooneka ngati mchere wowazidwa pathupi. Kachilombo kake kali ndi nzeru zake. Pamene ukukaona pansomba kamakhala katabisala pansi pa khungu, ndipo mankhwala sakafikira. Kakakhuta kamagwera pansi, kamadzikuta, n'kuswa ana mazanamazana omwe amasambira kufunafuna nsomba ina. Nthawi yokhayo yomwe ungakaphe ndi pamene anawo akusambira. Choncho ndimathira mchere wamiyala pang'onopang'ono, magalamu awiri kapena atatu pa lita imodzi, ndimapopa zapansi tsiku lililonse, ndipo sindileka madontho akangosowa. Ndimapitiriza sabata ina yathunthu. Ambiri amataya nsomba chifukwa choleka pakati. Anzathu osunga nsomba za m'nyanja zamchere kunja amalimbana ndi nthenda yofanana nayo, koma kwa iwo n'kovutirapo, poti mankhwala a kopa omwe amapha kachilomboko amaphanso zamoyo za korali zomwe amakongoletsera matanki awo. Nawonso chitetezo chawo ndi thanki yapadera yosungiramo nsomba zatsopano.

Nthenda yomwe imandiwawa mtima kwambiri ndi yotupa mimba, imene kunja konse amaitchula ndi dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Imandiwawa chifukwa nthawi zambiri imabwera ndi dzanja la wodyetsa. Mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala, ndipo matumbo awo ndi aatali, opangidwira zamasamba. Munthu wachifundo amaziponyera usipa wosinja, nyongolotsi kapena zotsala za nyama, akuganiza kuti akuzinenepetsa. Nsomba imayamba kulavula chakudya, imatulutsa ndowe zoyera ngati ulusi, kenako mimba imatupa. Ikafika potupa, kawirikawiri mwachedwa. Ukaigwira ikungoyamba kukana chakudya, umaipatula, umaleka kudyetsa, umasintha madzi, ndipo Flagyl amathandiza. Koma mankhwala enieni ndi kudyetsa pang'ono chakudya chamasamba, ndi kusiya miyala ina padzuwa kuti imere ndere.

Palinso alendo osaitanidwa. Nsabwe za nsomba ndi zophwatalala, zimaoneka ndi maso, ndipo ndimazichotsa ndi kopanira nsomba ili m'nsalu yonyowa. Ng'azi ndi mbalame zimadziwa msanga pomwe pali matanki osavindikira, choncho waya wa pamwamba sachoka. Nkhono zimabwera ndi miyala ndi zomera za m'nyanja. Zimenezi sindizichitira chibwana, chifukwa mitundu ina ya nkhono za kum'mwera kwa nyanja kuno ndiyo imasunga tizilombo ta likodzo. Mwala uliwonse ndimautsuka ndi kuuyanika padzuwa mpaka uume gwa usanalowe m'madzi anga.

Lamulo lomwe sindilola kuti wina aliphwanye ndi lokhudza nyanja yeniyeniyo. Madzi ochoka m'thanki ya odwala amapita m'dzenje, kutali ndi gombe. Nsomba yakufa imakwiriridwa. Nsomba yotsala pamalonda siitayidwa m'nyanja paliponse. M'zaka za m'ma 1960 mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera kumpoto zinatayidwa pachilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear, ndipo zinaswana mpaka kusakanikirana ndi mbuna za pomwepo. Zimenezo sizingabwezedwenso. Mu 2020 nthenda ya zilonda za nsomba, ya EUS, inabuka ku Mchinji m'mtsinje wa Bua, ndipo aliyense anaona mmene matenda amayendera ndi madzi, maukonde ndi nsomba zonyamulidwa. Bua amathira m'nyanja yomwe ino.

Thanki ikawonongeka ndingathe kuikhuthula, kuitsuka ndi kuyambiranso. Nyanja siikhuthulidwa. Mnyamata aliyense amene ndimamuphunzitsa ntchito ndimayamba ndamuonetsa dzenje lotayira madzi, ndipo botolo la mankhwala amaligwira pomaliza, akasonyeza kuti angathe kuzindikira nsomba yodwala pongoiyang'ana kasambiridwe.