Tsiku Limene Tinatsata Dzuwa Kuchokera ku Kings Park Mpaka ku Cottesloe

Ambiri a ife tapitako kambirimbiri ku Kings Park. Mlendo akabwera kuchokera kumudzi timathamangira naye komweko kuti akajambulitse chithunzi, nyumba zosanja za Perth zili kumbuyo, mtsinje wa Swan uli m'munsi. Koma ndi angati amene anadzifunsapo za chipilala chachitali chosongoka chimene timaima pafupi nacho pojambulitsa? Ifenso sitinaganizepo, kufikira Loweruka lina la mu Novembala pamene mabanja asanu a m'bungwe lathu tinapangana zokathera tsiku lonse panja, kuyambira mbandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa.

Tinafika 5 koloko isanakwane, titanyamula mafulasiki a tiyi ndi mandasi, ana akuyenda chosinza. Kum'mawa kunayamba kufiira, kenaka dzuwa linasuzumira kuseri kwa mapiri a Darling. Kuwala kunayambira pansonga ya chipilala n'kumatsika pang'onopang'ono. Apa mtsikana wina wa kalasi la Year 7 anakoka dzanja la amalume ake.

"Amalume, chipilalachi n'cha Ra. Tinaphunzira kusukulu."

Agogo ena aakazi, amene anabwera kuno kudzalera chidzukulu, anatembenuka. "Ra ndiye mzungu wake uti?"

"Si mzungu agogo. Ndi mulungu wa dzuwa wa anthu akale a ku Egypt."

"Ndiye mwatidzutsa usiku kuti tidzagwadire mafano?"

Tinaseka tonse, koma kuseka kunatha pamene kamnyamata kena, kobadwira konkuno, kanafunsa mwachidwi kuti kodi Egypt ali mbali iti ya Ulaya. Tinayang'anana. Mwana wathu, wa magazi a ku Africa, sadziwa kuti mapiramidi ali ku Africa. Cholakwa si cha mwana ayi. Ndife amene sitinamuuze.

Tinayala zitenje pa kapinga n'kuyamba kuwongola nkhani. Agogo tinawatsimikizira kuti chipilalacho si guwa la mulungu aliyense. Ndi chikumbutso cha asilikali a ku Western Australia amene anafera kunkhondo, monga chija cha asilikali a KAR ku Zomba. Chinatsegulidwa mu 1929 ndipo n'chotalika mamita 18. Koma mtsikana uja sananame kwenikweni. Kamangidwe kameneka, ka mbali zinayi ndi nsonga yonga kapiramidi, kanayambira ku Egypt zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo ankamangira dzuwa. Nsonga ankaikuta ndi chitsulo chonyezimira kuti izilandira kuwala koyamba anthu pansi akadali mu mthunzi. N'zimene tinali titangoona ndi maso athu.

Likulu la chipembedzo cha Ra linali mzinda umene Agiriki anautcha Heliopolis, kutanthauza mzinda wa dzuwa. Lero malowo anamezedwa ndi mzinda wa Cairo, koma chipilala chimodzi cha mfumu Senusret I chikadali chiimire pamenepo, chotalika mamita pafupifupi 20. Agogo anatchera khutu titawauza kuti mzinda umenewu amaudziwa kale. M'buku la Genesis umatchedwa Oni, ndipo Yosefe anakwatira Asenati, mwana wa wansembe wa kumeneko. "Ndiye kuti apongozi a Yosefe ankatumikira dzuwa?" anafunsa atagwira pakamwa. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankafunsa mafunso ambiri kuposa ana.

Anthu a ku Egypt ankamujambula Ra ngati munthu wa mutu wa kabawi, atasenza dzuwa lozunguliridwa ndi njoka. Ankati ndiye analenga zonse, ndipo anthu anachokera m'misozi yake. Mafumu ankadzitcha ana a Ra, ndipo dzina lakuti Ramesses limatanthauza kuti Ra ndiye anamubereka. Popeza moyo wawo wonse unali pa mtsinje wa Nile, sankaganiza kuti dzuwa limayenda pansi kapena kuuluka. Ankati limapalasa bwato kudutsa thambo. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sangavutike kumvetsa zimenezi.

Palinso chingwe china chimene chimamanga chipilala cha ku Kings Park ndi Egypt. Anyamata a gulu la 11th Battalion, ochokera m'chigawo chino, ananyamuka pa doko la Fremantle chakumapeto kwa 1914 ndipo anakachita maphunziro a nkhondo ku Mena, pafupi ndi mapiramidi a Giza. Pa 10 Januwale 1915 asilikali pafupifupi 700 anakwera pa piramidi yaikulu ya Khufu n'kujambulitsa chithunzi chimene n'chotchuka mpaka lero. Pa 25 Epulo chaka chomwecho anatsika m'mabwato ku Gallipoli kusanache, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. N'chifukwa chake chaka chilichonse pa tsikuli anthu zikwizikwi amasonkhana pa chipilalachi kukadali mdima, kudikira kuti kuche.

Ife Amalawi nkhani ya kucha si yachilendo. Pa mbendera yathu pali dzuwa lofiira likutuluka, la malawi 31. Mu 2010 boma linaisintha n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, koma mu 2012 yakale ija inabwerera. Ndalama yathu ndi ya abale athu a ku Zambia ndi kwacha. Eni dziko lino nawonso ali ndi dzuwa lachikasu pakati pa mbendera yawo. Sitilambira dzuwa, koma tikafuna kunena za chiyembekezo, tonse timaloza kum'mawa.

Masana tinakhala pamthunzi wa mabulugamu, tikudya mpunga wa nkhuku uku tikuingitsa ntchentche. Mnyamata wina amene akuphunzira zaulimi pa yunivesite anatiuza kuti zikanakhala zambiri kuposa apa pakanapanda tizilombo tija timagubuduza ndowe. Ta kuno tinazolowera zitosi zouma za kangaroo, ndowe za ng'ombe zinatikanika, ndiye ntchentche zinkaswana mosaneneka. Pakati pa 1965 ndi 1985 akatswiri a bungwe la CSIRO anabweretsa mitundu ina ya tizilomboti, yambiri kuchokera ku South Africa, kuti tizikwirira ndowezo. Mtsikana uja analumpha ndi chimwemwe. Kachilombo kameneka ndiko kanali chizindikiro cha dzuwa la m'mawa, lotchedwa Khepri, chifukwa anthu a ku Egypt ankaona ngati dzuwa limagubuduzidwa kutuluka pansi monga mpira wa ndowe. Masana linali Ra, madzulo linali Atum, nkhalamba yotopa. Bambo wina anati, "Ndiye kuti nato n'tobwera ngati ife, tinadzagwira ntchito imene eni ake inawalaka." Amene amagwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba ndi amene anaseka kwambiri.

Chakumadzulo tinakwera sitima ya ku Fremantle n'kutsika pa Cottesloe, kenaka tinayenda pansi mpaka kugombe. Amene tinakulira ku Salima tinazolowera kuona dzuwa likutuluka m'madzi. Kuno limalowa m'madzi. Chilumba cha Rottnest chinkaoneka ngati kamzere kakuda, ndipo kuseri kwake kulibe mtunda wina kufikira gombe la South Africa, makilomita pafupifupi 8,000.

Kwa anthu a ku Egypt, kumadzulo kunali kwa akufa, ndipo mafumu ambiri anaikidwa kutsidya la kumadzulo kwa Nile. Koma sankati dzuwa likalowa lafa. Ankati Ra wasintha bwato, walowa m'dziko la pansi lotchedwa Duat, kumene amayenda maola 12, kudutsa zipata, kuunikira amene anatsogola. Kumeneko chinjoka chotchedwa Apep chimamudikira usiku uliwonse kuti chimeze bwato. Amachigonjetsa, koma sichifa, mawa chimabweranso. Ndipo Ra sayenda yekha. M'bwato muli ena omuthandiza kupalasa ndi kulasa chinjokacho.

Titamva zimenezi tinakhala duu kwa kanthawi. Pakati pathu panali mayi amene bambo awo anamwalira ku Dedza chaka chatha, maliro n'kuonera pa foni. Panali wophunzira amene ndalama za fizi zimamusowetsa tulo. Aliyense amachidziwa chinjoka chake, ndipo amadziwa kuti sichigonja kamodzi. Amadziwanso amene anamuthandiza kupalasa: amene anasonkha ndalama za chipepeso, amene anamupatsa pogona masabata oyamba.

Cha m'ma 7 koloko dzuwa linakhudza madzi. Agogo anatulutsa foni m'chikwama n'kuimbira mwana wawo ku Lilongwe, kumene nthawi ili m'mbuyo ndi maola 6. Anaitana kamnyamata kaja kuti kaone. Kumeneko inali 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, anthu akupukuta thukuta podikira mvula yoyamba.

"Waona?" anatero agogo. "Silinafe. Lili kwathu. Ndipo Egypt wakoyo ali kumtunda kwa kwathu komweko. Ukawauze anzako kusukulu."

Amene anaphonya chionetsero cha zinthu zakale za ku Egypt chimene chinali ku WA Museum Boola Bardip mu 2023, musadandaule. Chipilala chilipo, kulowa ku Kings Park n'kwaulere, ndipo dzuwa silinajombepo. Tengani ana, mulawire, muime kumene mungaone nsonga. Musaiwale zipewa ndi mafuta oteteza khungu, pakuti dzuwa la kuno silisankha mtundu. Akakufunsani kuti chipilalachi chinatengera kuti maonekedwe ake, yankho mukhale nalo.