Thukuta Lotchedwa Masewera

Ku Berea, mumzinda wa Durban, kuli mnyamata amene makolo ake anachokera ku Mangochi. M'mawa amakhala m'kalasi, madzulo amamenyera mpira timu ya koleji yake. Tsiku lina atabwera ndi bondo lotupa, bambo ake, omwe ndi telala, anangoti: "Mwanawe, ukudzipwetekeranji ndi masewera?"

Nkhani yonse yagona m'liwu limenelo. Ku Malawi amati mpira, ku Chipata ndi ku Tete ambiri amati bola, koma konseko amauika m'gulu la masewera. Tsono m'chinenerochi wosewera salipidwa. Wolipidwa ndi wantchito.

Komatu mpikisano wa mayunivesite wa Varsity Football, womwe unayamba mu 2013, umaonetsedwa pa SuperSport, ndipo makampani amalipira kuti maina awo aonekerepo. Ku America, bungwe la NCAA linalola mu 2021 kuti ophunzira osewera azipeza ndalama potsatsa malonda.

Ena amati kulipiriridwa fizi n'kokwanira. Koma fizi sigula ufa, ndiponso siichiza bondo. Ena akayamba kudyerapo, masewera asanduka ntchito, ndipo mwini thukuta ayenera kulandirako gawo. Bambo aja, amene sasoka ngakhale batani kwaulere, mfundoyi amaidziwa kale. Liwu lokha ndilo lawaphimba m'maso.