Maswiti Amene Anandichititsa Manyazi

Mlongo wanga wa ku Johannesburg ananditumizira paketi ya maswiti a Haribo, aja otanuka ngati labala, oumbidwa ngati tizimbalangondo. Pofuna kudzionetsa, ndinatambasulira paketiyo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Msilamu wochokera ku Mangochi. Iye anaitembenuza, nawerenga timalemba takumbuyo, kenaka anandibwezera.

"Zikomo achimwene, koma izi sindidya."

Ndinapsa mtima poganiza kuti wanyoza mphatso yanga. Kwa masiku awiri sindinamuyankhule.

Usiku wachitatu anandikhazika pansi. Anati chimene chimatanutsa maswitiwa ndi jelatini, amene amapangidwa powiritsa zikopa ndi mafupa a nyama, kawirikawiri nkhumba kapena ng'ombe. Ngati paketi sikusonyeza kuti ndi halali, iye sangadziwe kuti ndi nyama iti. Anandiuzanso kuti alipo maswiti ena opangidwa ndi pekitini, wochokera ku makoko a malalanje, mandimu ndi maapozi, kapena agar, wochokera ku ndere za m'nyanja yamchere. Amenewo satanuka kwambiri, amaduka msanga pa mano, ndipo iye amadya popanda nkhawa.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti Hans Riegel anayambitsa Haribo ku Bonn, m'dziko la Germany, mu 1920, ndipo tizimbalangondo toyamba tinatuluka mu 1922. Koma chimene chinandikhudza si mbiriyo ayi. Ine ndinkatafuna osafunsa, n'kumaweruza munthu amene amafunsa asanatafune.

Loweruka lotsatira ndinamupepesa. Ndinagula mtedza wokazinga pamsewu, tinadyera limodzi m'pepala limodzi.