Khutu ndi Diso pa Gitala ya Magetsi

Gitala ya magetsi payokha ndi thabwa chabe lomangidwa nsambo zisanu ndi imodzi. Chimene chimaipatsa mawu ndi kachipangizo kokhala kunsi kwa nsambozo, kotchedwa pickup, osati galimoto ija yonyamula matumba a chimanga ayi. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wakopa wowonda ngati tsitsi, wozungulira maulendo zikwizikwi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu wayamo mumabadwa timagetsi timene amplifaya imatikuza n'kukhala nyimbo.

Yanga ndi yotsika mtengo, yotengera kapangidwe ka Fender Stratocaster imene inatuluka mu 1954. Ili ndi ma pickup atatu a koyilo imodzi, ndipo mawu ake ndi akuthwa, oyenera rumba ndi sungura. Tsoka ilo, koyilo imodzi imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba. Tikamaimba pa ukwati mu holo ya mababu amachubu, gitala imang'ung'udza ngati njuchi, anzanga onse n'kunditembenukira. Poti ndalama yanga ya mabuku imachokera m'maukwati momwemo, nkhaniyi si yamasewera.

Mankhwala ake anapezeka kalekale. Seth Lover wa kampani ya Gibson anapanga humbucker, ya makoyilo awiri olumikizidwa mosemphana kotero kuti phokoso la imodzi limazimitsa la inzake, ndipo mu 1957 anaiika pa gitala ya Les Paul. Kungoti mawu amanenepa, kuthwa kuja n'kubuntha.

Monga wophunzira zinenero, apa ndiye pamandiimitsa. Taonani mawu amene ndagwiritsa ntchito: kuthwa, kunenepa, kubuntha. Palibe ndi limodzi lomwe la khutu. Ndabwereka kwa mpeni ndi kwa thupi la munthu. Angerezinso amangochita chimodzimodzi, amati mawu ofunda, mawu owala. Mwina n'chifukwa chake pogula pickup diso limalowerera ntchito ya khutu.

Umboni ulipo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ma humbucker ena a Gibson ankatuluka ndi mbali imodzi yakuda, ina yoyererako. Panalibe wodandaula poti zonse zinkabisika m'chivundikiro chachitsulo. M'ma 1960 oimba monga Eric Clapton atayamba kuchotsa zivundikirozo pofuna mawu akuthwa, mawanga aja anaonekera poyera. Anthu anawatcha dzina la mbidzi, ndipo lero ena amachita kuitanitsa dala mtundu womwewo, chonsecho mtundu wa pulasitiki susintha mawu ngakhale pang'ono. Sindiwaseka, popeza nanenso gitala yosaoneka bwino sindiinyamula ndi mtima wonse.

Humbucker yeniyeni ndi yaikulu, ingafune kuti ndikuze bowo la pulasitiki yapamwamba, mwinanso kusema thabwa. Zimenezo ndakana. Ndasankha Hot Rails ya Seymour Duncan, imene ili ndi makoyilo awiri opanikizidwa m'malo a imodzi. Ndidzaiika kumunsi kokha, pafupi ndi pomangira nsambo, ziwiri zinazo n'kuzisiya kuti rumba isafe. Msuweni wanga wa ku Johannesburg atandifunsa kuti agule yakuda kapena yoyera, sindinachedwe kuyankha: yoyera, kuti ifanane ndi zinzake.