Ndalama za kwaya ndi mapiyano atatu

Chaka chathachi, anthu atamaliza kukolola, kwaya ya pampingo wathu inandituma ku Lilongwe kukagula limba. Ndalama zake zinali mu envulopu yakhaki imene amayi osunga chuma anaimanga ndi mphira n'kundipatsa pamaso pa anthu onse titaweruka mapemphero. Zinali ndalama za soya, za mtedza ndi za maganyu opalira m'minda ya eni. Tinasonkha zaka ziwiri. Pakati pa zaka zimenezo, mu Novembala 2023, kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene tinkaziona ngati zatsala pang'ono kukwana zinabwerera m'mbuyo ngati kuti mbala yalowa m'thumba.

Anasankha ine chifukwa ndimaphunzitsa pasekondale yoyendera ya pafupi, komanso ndine ndekha m'kwayamo amene ndimawerenga manotsi ndi kuimba limba. Tinagwirizana kuti Lamlungu lizikhala kutchalitchi, koma mkati mwa sabata ndizilitenga kukaphunzitsira ana a kalabu ya nyimbo kusukulu. Nditafunsa kuti ndigule la mtundu wanji, a tcheya anangoti, "Odziwa ndinu, aphunzitsi. Ife tizidikira kuno." Mawu amenewa amakoma kuwamva, koma ndi katundu wolemera.

Ndinkadziwa chimene achinyamata ankayembekezera. Ankafuna kiyibodi yonga imene amaiona pamikumano ya makwaya, yoti ukadina batani ng'oma ndi gitala ziyambe zokha. Makiyibodi otere, monga Yamaha PSR-E373, ali ndi makiyi 61 opepuka okhala pa timasipuling'i, ndipo ali ndi mawu mazanamazana. Ine mtima wanga unali pa piyano yamagetsi. Iyi ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo pansi pa kiyi iliyonse pali kachitsulo kolemera kotengera nyundo ya piyano yeniyeni.

Kusiyana kumeneku si kwa maonekedwe chabe. Piyano inapangidwa ndi Bartolomeo Cristofori mumzinda wa Florence ku Italy cha m'ma 1700, ndipo chachilendo chake chinali chakuti munthu ankatha kuimba motsitsa kapena mokweza malinga ndi mphamvu ya chala chake. Dzina lake lomwelo linachokera pamenepo: m'Chitaliyana piano ndi kutsitsa, forte ndi kukweza. Ine ndinakulira pa limba lopopa ndi mapazi la kumishoni, limene ngakhale ulimenye chotani mawu ake sasintha pokhapokha upope mwamphamvu. Piyano yeniyeni ndinaikhudza koyamba ndili ku koleji ku Zomba, patchalitchi china cha m'tauni, ndipo zinanditengera miyezi kuti zala zanga ziphunzire ulemu. Ndinkafuna kuti ana anga a kusukulu ayambire pamene ine ndinafika mochedwa.

Mumzinda ndinakhalamo masiku atatu, ndikugona kwa msuweni wanga ku Kawale. Safunsa anadya phula, choncho ndinayenda m'masitolo, ndinaimbira anzanga akale, mpaka ndinapeza mapiyano atatu oyenera munthu woyamba kumene amene ndikanatha kuwakhudza ndi zala zanga: Yamaha P-45, Roland FP-10 ndi Casio CDP-S110. Paliponse ndinkachita zofanana. Ndinkaimba nyimbo imodzi ya m'buku m'mawu onse anayi, koyamba motsitsa ngati kumaliro, kenaka mokweza ngati paukwati. Ndinkadina kiyi imodzi mofulumira kangapo kuti ndione ngati ibwerera msanga. Ndinkagwira noti imodzi ya besi osaisiya, n'kumvetsera kuti ifa liti. Pomaliza ndinkavala mahedifoni, chifukwa sipika ikhoza kubisa ukoma wa mawu kapena kuwakometsa mwabodza.

Yamaha P-45 ndinaipeza m'sitolo ina. Mawu ake ndi owala, oyera ngati madzi a pachitsime m'mawa. Poimba nyimbo ija ndinkamva alto ndi tenala payekhapayekha, zimene zimathandiza kwambiri pophunzitsa kwaya, chifukwa mawu apakatiwa ndi amene amasochera kawirikawiri. Makiyi ake amalemera chakumanzere n'kumapepuka pang'onopang'ono chakumanja, monga momwe zilili papiyano yeniyeni, pakuti kumeneko nsambo za besi n'zazikulu ndipo nyundo zake n'zolemera. Chimene sichinandisangalatse ndi makiyi oyera, osalala ngati mbale. Ndinaganiza za kutentha kwa Okutobala pansi pa malata athu, zala zili thukuta, ndipo ndinaona mwana akuterereka. Komanso ndikafuna kutsitsa kwambiri, pakati pa motsitsa ndi motsitsitsa panalibe masitepe ambiri. Komabe ndinanyamuka pampandopo ndikudziwa kuti amene angagule imeneyi sanataye ndalama.

Roland FP-10 sindinaione m'sitolo ayi. Inali kunyumba kwa mnzanga wa ku koleji ku Area 25, amene mchimwene wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndivomereze, nditangoika zala pamakiyi ake ndinakumbukira Zomba. Ndi olemererapo kuposa a Yamaha, ndipo pamwamba pake m'pokhakhala pang'ono, motengera mnyanga wa njovu umene kale ankakutira makiyi, moti chala chimagwira osaterereka. Ukadina pang'onopang'ono, kiyi ikatsala pang'ono kufika pansi umamva kakukakamira kochepa, ngati chitseko chikamadutsa pa loko. Papiyano yeniyeni pamenepo m'pamene nyundo imamasuka n'kulumphira pansambo. Nditadina kiyi imodzi mofulumira, noti iliyonse inatuluka. Nditatsitsa, inanditsatira mpaka kunong'ona. Vuto lake ndi masipika, amene anawaika pansi kuyang'ana kunthaka. Mnzangayo anali ataiika patebulo, ndipo mawu ankamveka ngati munthu akuyankhulira mumtsuko. Koma nditavala mahedifoni ndinakhala pamenepo ola lathunthu, mpaka alamu anabwera kudzafunsa ngati mlendoyu adya nsima.

Casio CDP-S110 ndinaipeza tsiku lachitatu, ndipo poyamba ndinaiderera. Ndi yopyapyala, kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 23, ndipo imalemera makilogalamu 10.5, kilogalamu imodzi kuchepera pa Yamaha ija. Kuchepako kuli ndi mtengo wake. Kiyi ili ngati mpini wa mjigo: ukaugwira kumapeto umapepuka, ukaugwira pafupi ndi pamene wamangidwa umalimba. Popeza makiyi a Casio ndi aafupi mkati, ukadina chakumtunda, pakati pa makiyi akuda, amauma ndithu. Nyimbo yokhala ndi makiyi akuda ambiri inanditopetsa zala. Mawu akenso ndi owondako poyerekeza ndi enawo, ndipo noti ya besi ija inafa msanga. Koma inali piyano ndithu. Ndikatsitsa chala inkatsitsa, ndikakweza inkakweza. Wogulitsa ataona kuti ndikuzengereza anaitembenuza n'kundionetsa kachitseko kapansi. Imaimba ndi mabatire 6 a AA.

Usiku umenewo sindinagone. Ndikanafunsa zala zanga zikanati Roland. Ndikanafunsa makutu, poganiza za tchalitchi chodzadza anthu, akanati Yamaha. Koma kwathu mapolo a magetsi amathera patrading'i, mtunda wa ola limodzi wapansi. Kutchalitchi kulibe magetsi. Kusukulu kuli sola yaing'ono imene imangokwanira mababu a mu ofesi ndi kutchaja mafoni. Yamaha ndi Roland zonse zimafuna magetsi a pakhoma. N'zotheka kuziimbira pa sola, koma pafunika batire lalikulu ndi inveta, ndipo m'envulopu munalibe ndalama zimenezo. Roland ndiye inkafunikanso kuitanitsa kunja, kudikira, ndi kupereka ndalama za anthu m'manja mwa woyendetsa basi amene sindimudziwa. Ndinadzifunsa kuti piyano yabwino kwambiri yongokhala m'bokosi kudikira tsiku lobwereka jenereta idzaphunzitsa mwana wa yani.

Panalinso nkhani ya mabiti, imene inkandidya mumtima. Mapiyano onse atatuwa alibe ng'oma zoimba zokha. Ali ndi mawu ochepa chabe, a piyano, a limba la m'tchalitchi, a zisambo, ndi kachipangizo kowerengera nthawi. Kugula iliyonse mwa izo kunali kukhumudwitsa achinyamata amene anapalira nawo minda ija. M'mawa ndinaimbira a tcheya.

"Bambo, ndapeza ziwiri pamtengo umene tingakwanitse. Ina ili ndi mabiti, anthu adzavina Lamlungu lomwe lino. Ina ilibe, koma mwana akaphunzirira pamenepo akhoza kukaimba piyano iliyonse padziko lino. Ndigule iti?"

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenaka anati, "Ya mabitiyo, inu mukadzasamutsidwa, adzaimbe ndani?"

Ndinawauza zoona, kuti aliyense wodziwa makodi atatu akhoza kuimba.

"Nanga inayo?"

Ndinati pokhapokha nditaphunzitsa wina.

"Ndiye mugule yomweyo, aphunzitsi, kuti mukakamizike kuphunzitsa."

Ndinagula Casio, mabatire otchajanso 12 ndi kotchajira kake. Chenji ndi malisiti ndinabwezera mu envulopu. Kuchokera pa boma bokosi linakwera njinga yamoto, litamangidwa chopingasa ndi mphira, ine ndili panjinga ina m'mbuyo ndikukuwa pabampu iliyonse.

Lamlungu loyamba silinali lokoma. Anthu anadzadza mpaka m'mawindo. Nditaimba nyimbo yoyamba panali bata, ndipo mnyamata wina wa besi anafunsa mokweza, "Nanga mabiti ali pati, aphunzitsi?" Anthu anaseka, ine thukuta lili kamukamu. Mawu akenso sanafike kumbuyo, chifukwa masipika a mapiyano onsewa anawapangira chipinda, osati anthu mazana awiri. Kuti alire patali umayenera kulumikiza sipika yaikulu kudzera pabowo la mahedifoni, ndipo sipikayo tinalibe. Anyamata awiri anasiya kubwera kukwaya. Mmodzi anabwerera itatha miyezi itatu, winayo mpaka lero amandipatsa moni wa patali. Sindimudandaula, pakuti khasu analigwira nawo, ndipo chimene ankafuna sichinali cholakwika.

Chimene chinatipulumutsa ndi ng'oma yakale imene inali kuseri kwa kabati chikopa chitang'ambika. Agogo ena anaikunganso, amayi anabweretsa maseche, ndipo mabiti aja anapezeka ali m'manja mwa anthu. Tsopano piyano imapereka mawu ndi kuyendetsa nyimbo, ng'oma imagwira nthawi, ndipo kwaya ikafuna kuchedwa pamzere wina palibe makina oithamangitsa.

Kusukulu ana khumi ndi awiri analembetsa, anatsala asanu. Mmodzi ndi mtsikana wa Fomu 2 amene amayenda makilomita asanu ndi awiri kubwera kusukulu. Masabata oyamba ankamenya makiyi ngati akusinja mphale, manotsi onse ofanana mphamvu. Ndinkamuuza kuti adine kiyi imodzi kasanu, ulendo uliwonse motsitsa kuposa woyamba. Ankafika pachitatu n'kulephera, kiyi osalira n'komwe, iye n'kuseka mwamanyazi. Pa kiyibodi yopepuka phunziro limeneli ndi lovuta kulimvetsa, chifukwa chala sichikumana ndi cholemera chilichonse choti chilimbane nacho. Mwezi wathawu, pa Mgonero, ndinamusiyira mpando. Anaimba motsitsa anthu akulandira mkate, ndipo amayi ena achikulire anatembenuka kuti aone amene akuimba. Analakwitsa kawiri kudzanja lamanzere, pamalo pomwe paja makiyi amauma. Pamenepo ndinaganiza za Roland ya ku Area 25, ndipo mtima unandipweteka pang'ono.

Kwa anzanga a m'makwaya ndi m'masukulu amene mukusonkha ndalama za limba, ndili ndi mawu ochepa. Musagule chifukwa cha magetsi othwanima ndi mabatani ambiri, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Yambani mwagwirizana ngati mukufuna choimbira chokha kapena chophunzitsiranso ana, chifukwa ine ndinalakwa kunyamuka nkhaniyi isanakambidwe pagulu. Tumani munthu woti akakhale pansi n'kuimba nyimbo imodzi papiyano iliyonse, motsitsa ndi mokweza, ndi masipika komanso ndi mahedifoni. Ngati muli ndi magetsi odalirika ndi thumba lokwanira, makiyi a Roland FP-10 ndi amene ine ndinawapeza oyandikira piyano yeniyeni. Ngati mukufuna mawu omveka bwino pophunzitsa kwaya, Yamaha P-45 sidzakuchititsani manyazi. Ngati muli ngati ife, funsani kaye za mabatire. Ndipo musaiwale nsalu yophimbira, pakuti fumbi la chilimwe likalowa pansi pa makiyi, okonza ali kutali.

Ife tayambanso kusonkha, ulendo uno za sipika. Amayi osunga chuma akugwiritsa ntchito envulopu yomwe ija. Lachisanu lililonse mtsikana uja amatenga mabatire asanu ndi limodzi kukawaika pa sola ya mu ofesi, ndipo wayamba kuonetsa mnyamata wina wa Fomu 1 pamene pali do.