Kupatukirana pa Nyanja

Mtsinje wa Bua umayambira m'boma la Mchinji ndi kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mnyamata wina wa ku Guilleme ankaudziwa bwino mtsinjewu, koma nyanja anali asanaionepo.

Patchuthi anapita kukacheza kwa amalume ake, msodzi wa ku Nkhotakota. M'mawa wina ali panyanja m'boti la injini, anaona boti lina likubwera molunjika iwo. Mnyamatayo anadzambatuka ndi mantha, boti nkupendekeka.

"Khala pansi, mphwanga!" anakuwa amalumewo. Anakhotetsa boti kudzanja lamanja. Woyendetsa winayo anachitanso chimodzimodzi, ndipo anadutsana bwinobwino.

Atafika kumtunda amalume anati, "Pamsewu galimoto zimayenda kumanzere, koma maboti a injini akakumana maso ndi maso, lililonse limapatukira kumanja. M'boti osaimirira, ndiponso osadzazamo katundu mopitirira muyeso. Nyanja sasewera nayo. Mu 1946 inamiza sitima ya Vipya, ndipo anthu 145 anafa."

Kuyambira tsikulo, mnyamatayo akamawoloka Bua pabwato nthawi ya dzinja, ankakhala pansi mpaka kutsidya.